Kodi mumadziwa? Za mabuleki a mapikiapu ndi timalole ta m'misewu ya Chiradzulu

Kodi mumadziwa kuti pakati pa phazi la dalaivala ndi matayala a pikiapu palibe ndodo yachitsulo kapena waya wozilumikiza? Chimene chimanyamula mphamvu ya phazilo n'kukaimitsa galimoto yodzaza matumba a nandolo pa Mbulumbuzi ndi buleki fuluwidi wosakwana lita imodzi, woyenda m'timapaipi tochepa kuposa pensulo. Fuluwidiyu akatha, kapena akawira, mungaponde ndi mapazi onse awiri koma galimoto siimva.

Kodi mumadziwa kuti nzeru yake ndi yakale kuposa galimoto? Blaise Pascal wa ku France, yemwe anabadwa mu 1623 n'kumwalira mu 1662, ndiye anafotokoza kuti madzi otsekeredwa akakanikizidwa mbali imodzi, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Mukhoza kudzionera nokha ndi jakisoni wopanda singano. Mudzazeni madzi, mutseke kukamwa ndi chala, n'kukankha: sasuntha. Tayani madziwo, mukokeremo mpweya, mutsekenso n'kukankha: alowa ndithu. Madzi sapanikizika koma mpweya umapanikizika, ndipo mavuto ambiri a chopondera chofewa amayambira pamenepa.

Kodi mumadziwa kuti pamene John Chilembwe ankatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ngakhalenso pamene ankaukira atsamunda mu Januwale 1915, magalimoto pafupifupi onse padziko ankaima ndi ndodo zachitsulo ndi mawaya? Malcolm Loughead wa ku America analembetsa mabuleki ake oyendera fuluwidi mu 1917. Galimoto ya Duesenberg Model A inatuluka nawo pa matayala onse 4 mu 1921, ndipo Chrysler inatsatira mu 1924. Henry Ford, mwini makani, anakakamirabe ndodo ndi mawaya. Magalimoto a Ford anadzalandira fuluwidi mu 1939.

Chaka cha 1902 chinabala mapasa. Louis Renault anapanga buleki ya dilamu ku France, Frederick Lanchester analembetsa buleki ya disiki ku England. Dilamu ndiyo inalamulira kwa zaka zoposa 50, mpaka galimoto ya Jaguar itapambana mpikisano wa Le Mans mu 1953 ili ndi madisiki. Lero suzumirani pansi pa Hilux kapena Hardbody: mapasa aja onse alipo, disiki kutsogolo, dilamu kumbuyo.

Ndipo kodi mumadziwa kuti matayala akutsogolo ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa galimoto? Mukaponda buleki kulemera kumathamangira kutsogolo. N'chifukwa chake mapadi akutsogolo amatha kawiri kapena katatu mashuzi akumbuyo adakalipo.

Kodi mumadziwa kuti timalole tating'ono tochokera ku Japan, monga Daihatsu Hijet ndi Suzuki Carry, tinapangidwa kuti tizinyamula makilogalamu 350 basi? Ndi lamulo la kwawoko pa gulu la magalimoto a injini ya 660cc. Makilogalamu 350 ndi matumba 7 a chimanga a makilogalamu 50. Tsiku la msika mudzaime pa Namitambo kapena pa Namadzi muwerenge nokha matumba amene kalole kotere kamasenza, osaiwala eni matumbawo amene amakhala pamwamba pake. Injini imalira koma imakoka, masipuling'i amagona koma amapirira, ndiye mwini galimoto amati zonse zili bwino. Chimene saona n'choti madisiki ndi madilamu ake ndi aang'ono, opimidwira katundu wa matumba 7 aja.

Miyala ya kwale ndiye imanamiza kwambiri. Kiyubiki mita imodzi ya miyala ngati imene imaphwanyidwa ku Njuli imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, pamene pikiapu wamba inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi. Bodi ikamaoneka kuti siinadzaze, malire mwadutsa kale. Mchenga wonyowa ndi njerwa n'chimodzimodzi.

Kodi mumadziwa kuti ntchito yeniyeni ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha? Tiyeni tiwerengetse. Galimoto yolemera matani 2 ikatsika mtunda wotsetsereka mamita 100 kuchoka pamwamba kufika pansi, mphamvu imene iyenera kutayidwa ndi yokwanira kuwiritsa malita pafupifupi 6 a madzi ozizira. Ngati dalaivala akudalira buleki yokha, moto wonsewo umalowa m'madisiki ndi m'madilamu. Boma la Chiradzulu ndi la zitunda ndi zigwa, phiri lake lalikulu n'lotalika mamita opitirira 1,700, ndipo misewu yambiri yochoka m'midzi kukalumikizana ndi msewu wa Blantyre–Zomba kapena wa Midima ndi yokwera n'kutsika. Mapadi akatentha mopitirira amayamba kuterera pa disiki, fungo lopserera limamveka, ndipo chopondera chimakhalabe cholimba koma galimoto osaima. Mankhwala ake ndi akale: giya imene mungakwerere chitunda ndi imene muyenera kutsikira nayo. Injini igwire galimoto, buleki izingothandizira, kuponda ndi kusiya, osati kugonekapo phazi kuyambira pamwamba mpaka kudambo.

Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa makilomita 80 pa ola galimoto imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti panthawi imene maso aona mbuzi mpaka phazi kufika pa chopondera, mwadutsa kale nyumba ziwiri kapena zitatu za m'mbali mwa msewu.

Kodi mumadziwa kuti kuzimitsa injini potsetsereka pofuna kupulumutsa mafuta kumalanda phazi lanu mthandizi wake? Kuseri kwa masitala silinda, pampu imene chopondera chimakankha, kuli chimphika chakuda chotchedwa busita, chimene chimachulukitsa mphamvu ya phazi pogwiritsa ntchito kukoka kwa mpweya. Pa galimoto ya petulo kukokako kumachokera ku injini. Pa ya dizilo pali kapampu kake, komwe pa injini zambiri zakale kamakhala kumbuyo kwa olitaneta. Injini ikazima, busita imakuthandizani kawiri kapena katatu, kenako chopondera chimauma gwa. Masiku amene mafuta amasowa m'mafilingi siteshoni, chizolowezi choyenda pa fili chimakula pakati pa madalaivala a matola. Mafuta opulumutsidwa pa chitunda chimodzi sakwana ndi kapu yomwe.

Kuyesa busita n'kosavuta. Injini ili chizimire, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, gwiranibe, ndiye lizani injini. Chopondera chikatsika pang'ono pansi pa phazi, busita ili moyo. Chikapanda kusuntha, kapena mukamva kufwenthera kwa mpweya, yang'anani kaye paipi yarabala yopita ku busitayo musanagule china chilichonse.

Kodi mumadziwa tanthauzo la manambala olembedwa pa botolo la fuluwidi? DOT ndi chidule cha dzina la unduna wa zamtengatenga wa ku America, umene unaika miyezo imeneyi. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230, DOT 5.1 madigiri 260. Koma pali nambala yachiwiri imene ogulitsa satchula. Fuluwidi akamwa madzi okwana 3.7 pa 100 aliyense, DOT 3 amatsikira ku madigiri 140, DOT 4 ku madigiri 155. Kutentha kotero pikiapu yolemedwa imakufikira pa chitunda chimodzi chachitali. Fuluwidi akawira amapanga nthunzi, nthunzi imapanikizika, chopondera chimagwa mpaka pansi. Chopweteka n'choti galimoto ikazizira nthunzi ija imasandukanso madzi, buleki imabwerera, ndipo amene abwera kudzaona pambuyo pa ngozi amapeza zonse zikugwira, n'kumati dalaivala akunama.

Nanga madziwo amalowa bwanji m'mapaipi otsekeka? Fuluwidi wa DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 amakoka yekha chinyezi cha mumpweya, kudzera pa chivundikiro cha kathanki kake ndiponso m'mapaipi arabala. Palibe chimene mungachite kuti asiye. Ndi mmene anapangidwira, ndipo n'kwabwino kuti madziwo asakanikirane naye kusiyana n'kuti adikhe pamalo amodzi n'kudya chitsulo. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati fuluwidi azisinthidwa yense pa zaka 2 zilizonse. Kunena zoona, ndi ochepa kwathu kuno amene amatero. Oyilo wa injini timamukumbukira, fuluwidi timangomuthirira pamwamba mpaka ade bii. Watsopano amakhala woyera, wachikasu pang'ono.

Botolo lotsegula kale limene lakhala kuseri kwa mpando kuyambira dzinja latha lamwa chinyezi chokwanira. Gulani laling'ono, losindikizidwa pakamwa. Wopungulira m'timabotolo ta zakumwa musamukhulupirire: simudziwa chimene chilimo.

Kodi mumadziwa kuti buleki fuluwidi si oyilo? Ambiri timati mafuta a mabuleki, ndiye ena akasowa panjira amathira oyilo wa injini, wa pawa sitiyaring'i, ngakhale mafuta ophikira. Marabala a m'mabuleki sagwirizana ndi mafuta ochokera ku petulo: amafufuma, amafewa, amatseka timabowo ta m'masitala silinda. Mawa lake buleki imagwira yokha osamasula, kapena imasiyiratu. Zikatero kutsuka kokha sikukwanira. Marabala onse ndi mapaipi arabala ayenera kusinthidwa, ndalama yoposa kutali mtengo wa botolo limene munalephera kugula. Pa chifukwa chomwecho, makaniko amene akutsuka pisitoni ya kalipa, chopanira mapadi pa disiki, mu petulo kapena palafini, muimitseni mwaulemu. Zam'kati mwa buleki zimatsukidwa ndi fuluwidi watsopano kapena mankhwala ake otsukira mabuleki.

Madzi a sopo nawonso amatchulidwa m'nkhani za madalaivala akale. Amawira pa madigiri 100 ndipo amachititsa dzimbiri m'masilinda.

DOT 5 ndi DOT 5.1 si pachibale, ngakhale manambala ayandikana. DOT 5 ndi wa silikoni, kawirikawiri wofiirira mobiriwira ngati duwa la jakaranda, ndipo sasakanikirana ndi anzake. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 amatha kusakanikirana, koma tsatirani chimene chalembedwa pa chivundikiro cha kathanki ka galimoto yanu.

Kodi mumadziwa kuti fuluwidi amasupula penti? Akadonthera pa bodi, thirani madzi ambiri nthawi yomweyo. Ndiye taganizirani: pali anthu amene amapaka fuluwidi yemweyu pa chilonda kapena pa chipere. Si mankhwala. Amapsereza khungu, ndipo mwana akamumwa amawononga impso. Mankhwala a chipere ali kuchipatala cha boma pa Chiradzulu, ku Nguludi ndi m'zipatala zazing'ono za m'madera.

Kodi mumadziwa kuti fuluwidi akamatsika pang'onopang'ono m'kathanki sikuti nthawi zonse akudontha? Mapadi akamatha, mapisitoni amatuluka kwambiri, fuluwidi n'kutsikira kukadzaza malowo. Choncho kathanki kakayandikira mzere wa MIN, choyamba ndi kuchotsa tayala n'kuona mapadi. Mukangodzazitsa mpaka kukamwa, tsiku loika mapadi atsopano fuluwidi adzasefukira. Koma akatsika msanga, mlungu ndi mlungu, pali podontha, ndipo galimotoyo isanyamule munthu mpaka papezeke. Malo oyamba kuyang'ana ndi m'kati mwa matayala akumbuyo. Mukaona kunyowa pansi pa dilamu, marabala a wilo silinda atha. Ena mwa malo obisika ndi pansi pa dashibodi pamene ndodo ya chopondera imalowera, ndi m'kati mwa busita momwe, mmene fuluwidi amatha kudikha osaoneka kunja.

Kunyowa kwa pa dilamu kuli mitundu iwiri. Fuluwidi ndi wopepuka ndipo amachoka ndi madzi. Oyilo wa difu ndi wolemera, wonunkha, ndipo amatanthauza kuti silu ya ekisilo yatha. Mashuzi akamwa chilichonse mwa ziwirizi, atha ntchito. Kuwawotcha pamoto kapena kuwakwecha ndi sandipepala kumangoyeretsa pamwamba. Akatentha panjira, zam'kati zimatulukanso.

Kodi mumadziwa kuti galimoto yanu ili ndi mabuleki awiri m'thupi limodzi? Kuyambira cha m'ma 1967 dziko la America linalamula kuti masitala silinda ikhale ya zipinda ziwiri, ndipo lero ndi mmene magalimoto onse amapangidwira. Paipi imodzi ikaphulika, theka lina limatsala. Chopondera chimatsika kwambiri, mtima umadumpha, koma mukapondabe mpaka pansi matayala awiri amagwira. Ambiri amachotsa phazi msanga poganiza kuti zonse zapita. Thekalo ndi lokufikitsani m'mbali mwa msewu, osati lopitirizira ulendo wa ku Limbe.

Apa ndi pamene pali chinyengo chimene chafala. Wilo silinda ikamadontha, ena amatsekera paipi yopita ku tayala limenelo ndi msomali, kapena amaipinda n'kuifinya ndi pulayazi. Kudontha kumathadi, chopondera chimalimba, dalaivala amasangalala. Koma galimoto yatsala ndi mabuleki a matayala 3, ndipo tsiku loponda mwadzidzidzi pa phula wonyowa idzatembenuka. Ngati mukugula pikiapu yakale, gwadani mutsate paipi iliyonse ndi maso mpaka pa tayala lake. Kiti ya marabala a wilo silinda ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa galimoto yonse, ndiye chinyengochi chilibe ndi chifukwa chomveka chomwe.

Kodi mumadziwa kuti kuchotsa mpweya m'mabuleki, kumene kugalaja amati kubulida, ndi ntchito ya anthu awiri omvana? Mmodzi amakhala pampando, wina pansi ndi sipanala pa kanipo ka pa silinda. Mukamva makaniko akukuwa kwa mnyamata wake kuti, "Pompa! Pompa! Gwira!" ndiye ntchito yake imeneyo. Akakhala mwini galimoto pampandopo, mawu amasintha: "Pompani bwana. Gwirani pomwepo, musasiye." Wapansi amamasula kanipo, fuluwidi wa thovu amatuluka, chopondera chimatsika, amamanganso, ndipo pokhapo ndi pamene wapampando amaloledwa kukweza phazi. Akakweza kanipo kasanamangidwe, mpweya umabwerera, ntchito iyambirenso. Kawirikawiri amayambira tayala lakutali kwambiri ndi masitala silinda. Poti magalimoto athu chiwongolero chili kumanja, pa ambiri limakhala lakumbuyo kumanzere, ngakhale buku la galimoto ina limanena dongosolo lake. Amisiri osamala amaveka kanipoko kapaipi koonekera m'kati, mbali inayo n'kuimiza m'botolo, kuti aziona thovu likatha komanso fuluwidi asathire mashuzi. Chimene chimaiwalika kwambiri ndi kathanki: kakauma pakati pa ntchito, mwalowetsa mpweya wochuluka kuposa umene mumachotsa. Ndipo pa galimoto yakale musamagwetse chopondera mpaka pansi penipeni. Kumapeto kwa masitala silinda, kumene pisitoni siifikako masiku onse, kumakhala dzimbiri lomwe limang'amba marabala. Ena amaika kathabwa pansi pa chopondera kuti chisafike kumeneko.

Mwabulida kasanu koma chopondera chidakali chofewa? Onani kumene kanipo kaloza. Kayenera kukhala pamwamba pa kalipa, poti mpweya umakwera. Makalipa akumanja ndi akumanzere akasinthanitsidwa pomanga, timanipo timakhala pansi, ndipo mpweya sudzatuluka ngakhale mutathira malita 5.

Kodi mumadziwa kuti phazi lokha likhoza kukuuzani matenda? Imani, injini ikulira, pondani buleki mosalekeza kwa theka la mphindi. Chopondera chikamamira pang'onopang'ono koma kunja osaona kudontha, marabala a m'kati mwa masitala silinda atha. Chikamalimba pokhapokha mutapompa kawiri, muli mpweya kapena mashuzi akumbuyo atalikirana ndi dilamu ndipo akufunika kukhwimitsa. Chikamanjenjemera mukamaponda pa liwiro, disiki yatha mosafanana. Galimoto ikamakokera kumanja, nthawi zambiri wolakwa ndi wakumanzere amene sakugwira: pisitoni yagwidwa dzimbiri, kapena timapini timene kalipa imaterera tauma chifukwa rabala wake anang'ambika n'kulowa fumbi. Ndipo limu limodzi likamatentha kuposa anzake pambuyo pa ulendo waufupi, buleki ya pamenepo sikumasula. Mukuwotcha mafuta pokoka galimoto yomangidwa mwendo umodzi.

Kulira kwa tswii kumene kumamveka mapadi akamatha n'kwadala. Opanga amaikapo kachitsulo kopyapyala koti kazikhudza disiki padi ikatsala mamilimita 2 kapena 3. Yatsopano imakhala pafupifupi mamilimita 10. Kulirako kukasanduka kukukuta, ndiye chitsulo chikudya chitsulo, ndipo mugula disiki pamwamba pa mapadi. Disiki nayo ili ndi malire ake: m'mphepete mwake mumadindidwa mawu oti MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Ikapyapyala kuposa pamenepo, kukaipalitsa ku makina n'kutaya ndalama.

Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mashuzi chimodzimodzi. Mukamaliza, musanasunthe galimoto, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe. Mapisitoni amakhala atabwezedwa m'kati, ndiye kuponda koyamba kumapita pansi popanda chogwira. Mipanda yambiri ya magalaja yagwa ndi kuiwala kumeneku. Makilomita oyamba muyende modekha kuti mapadi akhazikike pa disiki.

Kodi mumadziwa kuti fumbi la m'dilamu si loti muziuzira ndi pakamwa kapena ndi kompulesa? Kwa zaka zambiri mashuzi ndi mapadi ankapangidwa ndi asibesitosi. Mayiko ambiri anamuletsa, koma zipangizo zotchipa zosadziwika kochokera, ndi mashuzi omatidwanso, zikhoza kukhala naye. Fumbi lake likalowa m'mapapo limadwalitsa patapita zaka 20 kapena kuposa, mnyamata wophunzira ntchito uja ali bambo wa ana. Nyowetsani n'kupukuta ndi nsanza.

Kodi mumadziwa kuti kuwonjezera masipuling'i kumbuyo kumasokoneza mabuleki? Mapikiapu ambiri opanda ABS, chipangizo choletsa matayala kumanga poponda buleki, ali ndi kavavu pafupi ndi ekisilo yakumbuyo, kolumikizidwa ndi kandodo kapena kasipuling'i. Bodi ikatsika ndi katundu, kavavuko kamatsegulira mphamvu yochuluka ku mabuleki akumbuyo. Ikakhala yopanda kanthu kamachepetsa, kuti matayala akumbuyo asamange n'kuzunguza galimoto. Mwini matola akapita kukawonjezetsa masamba awiri a sipuling'i kuti azinyamula zambiri, bodi siitsikanso, kavavu kamayesa kuti galimoto ilibe katundu, ndipo ntchito yonse yoimitsa matani awiriwo imagwera mapadi akutsogolo. Mwiniyo amangodabwa kuti mapadi akutha mwezi ndi mwezi, n'kumadzudzula wogulitsa. Ena amapeza kandodo kaja kataduka n'kukamanga ndi waya paliponse pamene pawakomera. Kali ndi muyezo wake.

Dilamu ikalowa madzi imaiwala ntchito kwa kanthawi. Nyengo ya mvula, ndiponso m'malo amene milatho inakokoloka monga zinachitikira m'boma lino ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, magalimoto amawoloka pamadzi. Mukatuluka, yendani pang'onopang'ono mukugunda buleki mopepuka mpaka imve. Disiki imadziumitsa msanga, koma dilamu imasunga madzi ndi matope, ndipo matope akauma m'katimo amadya mashuzi. Dzinja likatha ndi bwino kutsegula madilamu n'kutsuka.

Kodi mumadziwa kuti handibuleki siyendera fuluwidi? Ndi waya wopita ku matayala akumbuyo, cholowa cha magalimoto a nthawi ya Chilembwe chimene chinasiyidwa dala kuti fuluwidi akakukanani mukhale ndi pogwira. Zikatero tsitsani magiya imodziimodzi, kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani, osati kuikhwatula kamodzi. Galimoto imene kondakitala wake amadumpha ndi mwala pa siteji iliyonse yataya chitetezo chimenechi. Ndipo handibuleki ikamakwera mano ambiri, yambani mwakhwimitsa mashuzi musanakoke waya.

ABS inayamba kufala mu 1978, pamene Bosch ndi Mercedes-Benz anaiika pa S-Class. Lero ili pa Probox, Sienta ndi mapikiapu atsopano. Mukaponda mwadzidzidzi chopondera n'kumagunda phazi, si kuwonongeka ayi, ndi mmene imagwirira, pondanibe n'kuwongolera. Koma dziwani kuti pa msewu wa fumbi ndi timiyala ABS imatha kutalikitsa mtunda woimira. Ntchito yake yaikulu ndi yoti chiwongolero chizimvabe. Nyali yake ikayaka pa dashibodi, kawirikawiri ndi sensa ya pa tayala imene yadzaza matope kapena waya wake waduka. Kuchotsa babu si kukonza.

Kodi mumadziwa kuti dzimbiri la pansi pa magalimoto ena ochokera ku Japan ndi la mchere? Kumpoto kwa dzikolo, monga ku Hokkaido, amawaza mchere m'misewu nyengo ya chipale, ndipo mcherewo umadya mapaipi achitsulo a mabuleki. Galimoto imafika pa Songwe kapena pa Mwanza ikunyezimira pamwamba, pansi mapaipi atatupa dzimbiri. Paipi yotere siimatidwa ndi gasi kapena kukulungidwa ndi mphira. Poponda mwamphamvu, kukanikiza kwa m'katimo kumafika mabaa 70 ndi kupitirira, pamene m'tayala mumakhala mabaa awiri ndi theka. Paipi ya kopa ya mafiriji nayo si yake: imatopa ndi kugwedezeka n'kuthetheka pakamwa. Mapaipi arabala a pafupi ndi matayala muwapinde ndi dzanja muone ngati ali ndi ming'alu, ndipo wina aponde buleki inu mukuyang'ana ngati sakutupa.

Mabuleki amaimitsa tayala, koma choimitsa galimoto ndi tayala pa msewu. Pambali pa tayala pali manambala 4 omaliza pa mzere woyamba ndi DOT: 2318 ndiye kuti linapangidwa mlungu wa 23 m'chaka cha 2018. Tayala la kaunjika likhoza kukhala ndi mano koma rabala wake atauma. Ena mwa matayalawa ndi oyendera pa chipale, ofewa, ndipo pa phula wotentha wa mwezi wa Okutobala saima bwino.

COF, chiphaso cha galimoto chimene a Road Traffic amafuna, imachitira umboni tsiku limene galimoto inayezedwa. Sinena kanthu za miyezi yotsatirayo.

Kodi mumadziwa kuti galimoto yonyamula thanki ya madzi ya theka ndi yovuta kuimitsa kuposa yonyamula thanki yodzaza? Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma a alimi a ng'ombe zamkaka, ndipo timagalimoto tambiri timanyamula mkaka m'zigubu, tina madzi a pa malo omanga. Mukaponda buleki, zamadzimadzi zosadzaza zimathamangira kutsogolo n'kukankha galimoto panthawi imene mumayesa kuti mwaima, kenako zimabwerera. Zigubu zidzaze, zimangidwe, ndipo zolemera zikhale pafupi ndi kabini.

Pokonza mabuleki, musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha, ndipo njerwa si zochirikizira: zimaphwanyika mosachenjeza. Majeke ambiri ndi a oyilo ndi marabala, ndipo marabala amatha. Ikani chitsulo chochirikizira kapena chipika cholimba, tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa chasisi.

Nanga magetsi ofiira akumbuyo? Amayatsidwa ndi kaswitchi kakang'ono kamene kali pamwamba pa chopondera. Pa magalimoto ambiri a ku Japan pamakhala kapulasitiki kozungulira kamene kamakankha switchiyo. Kakaphwanyika ndi ukalamba, magetsi amayaka usiku wonse mpaka batire kutha, ndipo zidutswa zake mumazipeza pa kapeti. Switchi ikafa kapena babu likapsa, sayaka n'komwe, ndipo wa kabaza amene akukutsatani pa Njuli amadziwa kuti mwaima atafika kale pa bampala. Ngati mulibe wokuonerani, bwezani galimoto pafupi ndi khoma madzulo, pondani buleki, muyang'ane pa galasi.